Munda wa Mphesa wa Groot Constantia ndi Eni Ace

Njanji imene inaoloka Zambezi ndi kulowa mu Livingstone m'caka ca 1905 inayambira ku Cape Town. Kufupi ndi mzinda umenewo, kuseri kwa phiri la Table Mountain, kuli munda wa mphesa dzina lace Groot Constantia, wakale kopambana minda yonse ya vinyo ya ku South Africa. Mbiri yace iyenera kudziwika kwa ife, pakuti si mbiri ya Azungu okha.

Malowo anapatsidwa kwa Simon van der Stel m'caka ca 1685. Iyeyu anali mkulu woyang'anira dziko la Cape m'dzina la kampani ya malonda ya ku Holland, ndipo pambuyo pace anakhala Bwanamkubwa. Analandira maekala oposa 1,800, naokamo mipesa ndi mitengo ya zipatso. Atamwalira m'caka ca 1712, mundawo unagawidwa patatu nugulitsidwa.

Cigawo cokhala ndi nyumba yaikulu cinagwa m'manja mwa Oloff Bergh, msilikali wobadwira ku Sweden. Mkazi wace, Anna de Koningh, anabadwa ali kapolo, pakuti mai wace Angela anali kapolo wocokera ku Bengal. Bergh atamwalira m'caka ca 1724, Anna anakhala mwini munda kufikira imfa yace, ndipo iyenso anasunga akapolo omgwirira nchito.

Dzina la mundawu linamveka kutali m'masiku a Hendrik Cloete, amene anaugula m'caka ca 1778, namanga nyumba yaikulu yosungiramo vinyo m'caka ca 1791. Mphesa ankazileka pamtengo kufikira zitayamba kufota, kuti madzi acepe ndi kuzuna kucuruke. Cifukwa cace vinyo wace anali wotsekemera ndi wosaonongeka pa ulendo wautali wa panyanja. Mafumu a ku Ulaya ankamgula pa mtengo wokwera, ndipo Napoleon ankamwa vinyo wa ku Constantia pamene anali m'ndende pa cisumbu ca St Helena, kuyambira 1815 kufikira 1821.

Koma amene ankalima, kusadza mipesa, kukolola ndi kuponda mphesazo anali akapolo. Poyamba ambiri ankacokera ku India, ku zisumbu za Indonesia ndi ku Madagascar. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ocuruka anayamba kucokera ku Mozambique, ndipo ena mwa iwo anagwidwa kumtunda kuno, m'cigwa ca Zambezi ndi m'maiko ozungulira Nyanja ya Malawi. M'mwezi wa December 1794 ngalawa ya Apwitikizi, São José, imene inanyamula akapolo ngati 500 kucokera ku Mozambique kunka ku Brazil, inasweka pa miyala kufupi ndi Cape Town. Oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa komweko. Pa Cape kapolo ankalandidwa dzina la makolo ace. Ankampatsa dzina la mwezi, monga April kapena September, ndi kuonjezapo mau akuti "van Mosambique", ndiko kuti wocokera ku Mozambique.

Ukapolo unathetsedwa pa 1 December 1834, koma omasulidwawo anaumirizidwa kutumikirabe ambuye ao kufikira 1838. Zitatero eni minda anayenera kulipira anchito. Mabvuto ena anatsatira: m'caka ca 1859 nthenda ya nguwi inagwira mipesa, ndipo posacedwa Boma la Britain linatsitsa msonkho wa vinyo wa ku France, kotero kuti vinyo wa ku Cape anasowa msika. A banja la Cloete, atausunga mundawo zaka zoposa 100, anaugulitsa kwa Boma la Cape m'caka ca 1885. Boma linauyesa malo oyeserapo ulimi wa mphesa.

M'caka ca 1925 nyumba yaikulu ija inapsa ndi moto, koma inamangidwanso monga inaliri kale. Kuyambira 1993 mundawo uli m'manja mwa bungwe losafuna phindu, ndipo vinyo apangidwabe. Nyumbayo tsopano ndi yosungiramo zinthu zakale, ndipo alendo amauzidwa za akapolo pamodzi ndi za eni munda. Maina a Van der Stel, Bergh ndi Cloete analembedwa m'mabuku a Boma kuyambira paciyambi. Amene afuna kudziwa munda umenewu bwino lomwe akumbukirenso anchito aja a maina a miyezi, amene anafera kutali ndi kwao.