BANJO IMENE TINAIPONYA PAMOTO

Mwezi wathawu mdzukulu wathu wa zaka 12 anafika pakhomo atanyamula chigubu chachitsulo ndi waya wa buleki ya njinga. Tisanamfunse n'komwe tinadziwa chimene afuna kupanga, pakuti kalelo atate wake anatulukira pabwalo lomweli ndi katundu wotereyu. Nthawi imeneyo ife tinalakwa, ndipo talemba nkhani ino kuti makolo anzathu asagwe m'dzenje lomwelo.

Mwana wathuyo anapanga banjo yake ali kubusa. Anaboola chigubu, nakungapo chikopa cha mbuzi, nalowetsa mtengo wosema bwino, ndi kumanga mawaya anayi. Madzulo ankakhala kuseri kwa nkhokwe ndi kumayesa nyimbo zimene ankazimva pa wayilesi ya MBC. Ife, pokhala anthu a udindo mumpingo, tinachita mantha. Tinali titaona anyamata ambiri oyimba akuthera pamowa, ndipo tinati wathunso wayamba njira yomweyo. Usiku wina tinamlanda banjo ija, tinaithyola ndi kuiponya pamoto.

Mnyamatayo sanalire ndipo sanatiyankhe mwamwano. Koma kuyambira tsiku limenelo anatseka pakamwa. Pa mapemphero a madzulo ankagwira buku la Nyimbo za Mulungu koma mawu osatuluka. Ku kwaya analeka, ndipo atakula anapita ku Blantyre kumene anakayimba m'malo omwe aja tinkawaopa. Zinatenga zaka kuti abwerere mumpingo. Tinafuna kumtchinjiriza, koma tinamkankhira komweko ndi manja athu.

Tikadakhala pansi ndi kumvetsera, tikadazindikira kuti nyimbo zimene ankaphunzirazo zinali za anthu aluso a m'dziko lathu lino. Allan Namoko wa ku Thyolo anali wakhungu, komatu ndi banjo yake pamodzi ndi gulu la Chimvu Jazz anasangalatsa Malawi yense kufikira imfa yake mu 1995. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, anatenga kwela wa ku South Africa ndi kumuveka chovala cha kwathu, ndipo chitoliro ndi gitala yao zinamveka mpaka ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987 ndipo Donald mu 2001. Oyimba otere ankanena za umasiye, za maukwati, za njala ndi za ulendo wokafuna ntchito, zomwezo timakambirana pamaliro ndi pachitsime. Sitikuti nyimbo zonse za masiku amenewo zinali zoyenera. Zina zinali zolaula ndithu. Koma ife sitinasankhe mbewu ndi namsongole, tinangotentha munda wonse.

Mbiri ya mpingo wathu womwe ikadatiphunzitsa nzeru. Ku Loudon, kumene tsopano timati Embangweni, M'busa Donald Fraser sanakanize Angoni mayimbidwe ao. Iye anawalimbikitsa kupeka nyimbo zotamanda Mulungu potsata mayimbidwe a makolo ao, ndipo anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anapeka nyimbo zimene zili m'buku la Sumu za Ukhristu. Mu 1959 zina mwa izo zinasindikizidwa m'Chingerezi m'buku lotchedwa Tunes from Nyasaland, kotero kuti Akhristu a kutali anayamba kuyimba nyimbo zochokera kuno. Tikumbukirenso kuti Davide anaphunzira zeze ali mbusa wa nkhosa, ndipo zeze yemweyo anatonthoza mtima wa Mfumu Sauli.

Tsono makolo anzathu, mwana akabwera ndi banjo, gitala, kapena nyimbo za pa foni monga achitira masiku ano, musafulumire kukwiya. Muuzeni ayimbe pamaso panu. Mfunseni tanthauzo la mawu ake, ndipo ngati muli zonyansa mlangizeni mwachifatse chifukwa chake siziyenera mwana wa Mulungu. Dziwani anzake amene amayimba nao, ndiponso nthawi imene amabwerera kunyumba. M'mera mpoyamba: luso losamalidwa likadali laling'ono limakula mowongoka.

Ndipo inu achinyamata, musanyoze mantha a makolo anu, pakuti aona zambiri. Kuyimba kusakulandeni sukulu kapena ntchito ya kumunda. Musabise nyimbo zanu. Nyimbo imene simungathe kuiyimba amayi anu ali pomwepo, mudzifunse ngati ili yoyenera kuiyimba kwina kulikonse.

Za mdzukulu uja, nkhani yake yatha bwino. Tinamfunira tokha chikopa cha mbuzi, ndipo atate wake atabwera kudzacheza anamthandiza kukunga mawaya. Tinapezerapo mpata wopepesa mwana wathu pa zimene tinachita kalelo. Iye anangoti, "Atate, zinapita zimenezo," koma tinaona misozi ikulengeza m'maso mwake. Lamulungu madzulo tinakhala tonse pakhonde, mdzukulu akuyimba banjo, atate wake akutsogolera nyimbo, ife okalamba tikuvomera. Banjoyo inali kuphonya apa ndi apo, koma palibe amene anadandaula.