Matauni Athu: Livingstonia, Tauni ya Paphiri la Khondowe

Anthu ambiri opita kumudzi ku Karonga kapena ku Chitipa akafika pa Chitimba, pamsewu wa M1, amangogula nsomba n'kupitirira. Pamenepo amaphonya zambiri, chifukwa pamwamba pa phiri lomwe amalisiya kumanzere pali Livingstonia, tauni ya m'boma la Rumphi imene inasula atsogoleri a m'mayiko angapo. Dr Robert Laws wa mishoni ya mpingo wa Free Church of Scotland anasamukira ku Khondowe mu 1894, malungo atasautsa amishoni ku Cape Maclear ndi ku Bandawe. Sukulu yake ya Overtoun inkaphunzitsa aphunzitsi, akalaliki, akalipentala ndi abusa. Kumeneko n'komwe anaphunzira Levi Mumba, mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress, Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, komanso David Kaunda, bambo wa pulezidenti woyamba wa Zambia.

Ena amati imeneyi ndi mbiri ya azungu, si yathu. N'zoona kuti ulamuliro wa mishoni unali m'manja mwa azungu, ndipo abusa achikuda monga Yesaya Zerenji Mwasi anachita kutulukamo atatopa ndi kunyozedwa. Koma amene anaswa miyala, kuumba njerwa ndi kulambula msewu anali anthu a komweko, ndipo amene anatenga maphunzirowo n'kuwasandutsa chida cholimbana ndi atsamunda anali ana a dziko lino. Lero nyumba ya Laws, yotchedwa Stone House, ndi malo osungiramo zinthu zakale, chipatala cha David Gordon Memorial chikuthandizabe odwala, ndipo Sinodi ya Livingstonia inatsegula yunivesite pomwepo mu 2003.

Enanso amadandaula za msewu wa Gorodi, wokwera phirilo kuchokera pa Chitimba, wa makilomita pafupifupi 15, wokhala ndi makona akuthwa 20. Dandaulolo n'lomveka: nthawi ya dzinja galimoto yaing'ono siyenera kuuyesa. Komabe pali msewu wina wochokera ku Rumphi kudzera ku Njakwa, ndipo wokwera Gorodi m'chilimwe amaona nyanja ili tantha pansi, kenako mathithi a Manchewe akugwera m'phompho.

Mukamapita kumudzi chaka chino, patulani tsiku limodzi, mukwere ndi ana anu akaone kumene agogo awo anaphunzira kugwira cholembera.