Lenzi yakale pa kamera ya lero: nkhani yonse ndi mpata

Achinyamata amene ayamba kujambula zithunzi kuno ku Rumphi ali ndi dandaulo limodzi: kamera apeza, koma lenzi yabwino mtengo wake ngoboola m'thumba. Ine ndimawauza kuti ayambe afufuza m'masutikesi a makolo. Aphunzitsi, abusa ndi madoda obwera ku Joni ankakhala ndi makamera a filimu monga Pentax K1000, Minolta ndi Zenit. Filimu inasowa m'masitolo, koma magalasi aja akadali ndi moyo.

Ambiri amakhulupirira kuti lenzi ya Nikon singagwire pa Sony, ya Pentax singagwire pa Canon. Nzoona kuti makampani ambiri anapanga pomangira pawopawo, mwina pofuna kuti wogula asathawe. Koma galasi silidziwa dzina la kampani. Ntchito yake nkusonkhanitsa kuwala ndi kukugwetsera pa mtunda umene linapangidwira. Mukaliika pa mtunda womwewo kuchokera pa sensa, chithunzi chimatuluka.

Mpata umenewu, wochokera pomangira lenzi kukafika pa filimu kapena sensa, ndi wosiyanasiyana. Pa Nikon F, imene inayamba mu 1959, ndi mamilimita 46.5. Pa malenzi opotokola a M42 ndi a Pentax K ndi pafupifupi 45.5, pa Canon EF ndi 44, pa Minolta MD ndi 43.5, pa Canon FD ndi 42. Makamera atsopano opanda kalilole m'kati ndi opyapyala: Sony E ndi 18, Canon RF ndi 20, Nikon Z ndi 16 basi.

Apa ndiye pamalowa adaputa. Ndi kamkombero kachitsulo, kopanda galasi, kopanda waya, kokhala pakati ngati nkhata pakati pa mutu ndi mtsuko. Lenzi ya M42 ikufuna 45.5, Sony ili ndi 18, adaputa imadzaza 27.5 otsalawo. Lamulo ndi limodzi: mpata wa lenzi uziposa wa kamera. Kuwonjezera nkotheka, kuchotsa ayi.

Nchifukwa chake amene ali ndi Nikon ya kalilole, monga D3100, amagwiritsidwa mwala ndi malenzi a M42. Nkhope yapafupi imaoneka bwino, koma mapiri a Nyika kutali amakana kuwala. Chimodzimodzi Canon FD pa Canon EF: kampani ndi imodzi, koma chisinthireni pomangira mu 1987 ziwirizi sizimvana. Pali maadaputa okhala ndi kagalasi kokonzera vutoli, koma otchipa amafooketsa chithunzi.

Mukamanga lenzi yakale, kamera imaganiza kuti kutsogolo kulibe kanthu, ndipo ina imakana kujambula. Lowani mu menyu, muilole kujambula popanda lenzi. Kenako ikani pa A kapena Av. Kukula kwa kabowo kolowera kuwala mumasankha ndi dzanja pa mkombero wa manambala, 2, 2.8, 4, 5.6, 8, kamera nkumasankha yokha liwiro. Malenzi ambiri a M42 ali ndi kaswitchi ka A ndi M. Kakhale pa M, apo ayi kabowo kangakane kutseka.

Ntchito yeniyeni ndi fokasi, poti injini yake tsopano ndi zala zanu. Makamera opanda kalilole amathandiza: amapaka timizere tofiira kapena tachikasu m'mphepete mwa chimene chawala, komanso amakulolani kukulitsa diso la munthu pa sikirini musanadine. Ine ndimatsekula kabowo konse, kupeza diso, kenako nkutsekako pang'ono.

Pa ukwati, nthawi ya perekaniperekani, sindithamangitsa anthu ovina ndi fokasi. Ndimaika fokasi pa beseni la ndalama, kabowo pa 8 ngati ndi panja, nkudikira. Aliyense, kaya ndi apongozi kaya abwenzi a mkwati, afika yekha pabesenipo ndi ndalama m'manja, ndipo amagwera m'malo amene ndakonza kale.

Dziwaninso kuti sensa yaing'ono ya APS-C imadula m'mbali mwa chithunzi. Lenzi ya mamilimita 50 imaona ngati ya 75, yabwino kwambiri pa nkhope. Ya 200 imaona ngati ya 300, zimene zimathandiza pa nyanja ya Kazuni ku Vwaza, njovu zikabwera kudzamwa ndipo inu simungasendere pafupi. Kuipa kwake, ya 28 imasiya kutambalala, ndiye mathithi a Manchewe kapena tchalitchi cha ku Livingstonia zimavuta kulowa zonse. Maluwa a ku Nyika, kumene kuli mitundu yoposa 200 ya banja la chinaka, sathawa. Pamenepo lenzi ya dzanja ilibe nayo mpikisano. Helios 44 ya ku Soviet Union, ya mamilimita 58, imazunguza udzu wakumbuyo mwanjira imene malenzi ambiri atsopano satha.

Musanagule, walitsani tochi ya foni kumbuyo kwa galasi. Fumbi pang'ono silivuta. Mukaona timizere toyera tanthambinthambi, ndi chuku, ndipo chikakhalitsa chimadya galasi. Yang'ananinso ngati timapeni ta kabowo tili ndi mafuta, ndiponso ngati mkombero wa fokasi ukuyenda mosakakamira. Chinyontho cha kunyanja, ku Chiweta, Chitimba ndi Mlowe, ndicho chimabala chuku. Sungani malenzi m'kabokosi kotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Mukatsika kozizira kupita kotentha, musafulumire kutsekula chikwama, galasi lingachite thukuta.

Sindinamiza munthu kuti lenzi yakale imatha zonse. Mpira, mwana wothamanga, kapena vimbuza usiku zimafuna fokasi yodziyendera yokha. Yambani ndi lenzi imodzi ya 50, muitanitse adaputa yolembedwa maina onse awiri, la lenzi ndi la kamera, ndipo muphunzirire pa mbuzi ndi pa abale anu kunyumba mpaka zala zizolowere. Musakayesere pa ukwati wa eni, chifukwa ukwati subwerezedwa kaamba koti wojambula anaphonya fokasi.