Ana a Sukulu Angathandize Kusunga Chuma cha ku Chongoni

Kodi mudziwa kuti m'mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, muli malo 127 kumene anthu akale anajambula zithunzi pa matanthwe? Zithunzi zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, amene ankakhalira kusaka nyama. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, ndipo zambiri zinena za chinamwali ndi za Nyau. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi.

Koma chumachi chili pangozi. Anthu ena alemba maina awo ndi makala pamwamba pa zithunzi, ena asonkha moto m'mapanga ndipo utsi udetsa thanthwe. Chithunzi chikafafanizika sichibwereranso.

Tsono sukulu zoyandikana ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi zingathandize kwambiri polambula tinjira tophunziriramo. Kanjira kotere ndi kakafupi, kokhala ndi zikwangwani zofotokoza mitengo, mbalame ndi matanthwe zimene munthu aona poyenda. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lili ndi makalabu m'sukulu zambiri, ndipo ntchitoyi iyenera makalabu otere.

Kachitidwe kake nkotere. Choyamba, mphunzitsi wamkulu apemphe chilolezo kwa anyakwawa ndi kwa alangizi a zankhalango, pakuti nkhalango ya Chongoni njotetezedwa ndi lamulo. Chachiwiri, ana atsate njira zimene zilipo kale, osadula mitengo. Pachitunda njira iyende mokhotakhota, ndipo pakumbidwe timingalande topatutsa madzi. Njira yolunjika kumtunda isanduka chigwembe mvula ikagwa. Chachitatu, zikwangwani zizikidwe pansi, zisakhomedwe pamtengo ndi misomali. Pofika ku mapanga, ana asakhudze zithunzi kapena kuzithira madzi.

Inu makolo ndi agogo, muli ndi mbali yanu. Ndinu amene mudziwa msuku, mombo, muwanga ndi mlombwa, nyengo yake ya masuku, ndi mtengo woyenera luzi. Pitani nawo anawo, muwauze maina kuti alembe molondola. Mwana amene walambula njira ndi manja ake sadzalola mnzake kutentha tchire kapena kulemba pa thanthwe, ndipo alendo akabwera adzawatsogolera iye mwini.