Chigumula cha "kamodzi pa zaka 100" sichiwerenga kalendala

Ulalo, kalavati ndi damu zimamangidwa moyembekezera madzi osefukira a mlingo wakutiwakuti. Mlingowo umasankhidwa ntchito isanayambe, ndipo mainjiniya amautchula design flood, ndiye kuti madzi ochuluka kwambiri amene chomangidwacho chiyenera kudutsitsa osagumuka. Amayezedwa m'makyubiki mita pa sekondi, ndipo nthawi zonse amayenda ndi nambala ya zaka: chigumula cha zaka 10, cha zaka 50, cha zaka 100. Nambala ya zakayi ndiyo yasokoneza anthu ambiri, ophunzira omwe.

Kalavati akakokoloka m'Januwale kapena m'Febuluwale pa misewu yafumbi ya ku Petauke ndi ku Nyimba, pamamveka mawu amitundu iwiri. Ena amati, "Anatiuza kuti madzi otere amabwera kamodzi pa zaka 50, koma taonani chaka chachitatu chomwe. Anadya ndalama." Ena amati, "Poti chadutsa, tipume, chidzabweranso adzukulu athu atakula." Oyambawo nthawi zina amalondola, pakuti ntchito yosalongosoka iliko ndithu, koma chifukwa chimene amapereka n'cholakwika. Achiwiriwo ndiwo oopsa, chifukwa amabwerera kukamanga nyumba pamalo pomwe madzi anadutsa.

Chigumula cha zaka 100 ndi madzi amene ali ndi mwayi umodzi pa 100 wofika kapena kupitirira mlingowo m'chaka chilichonse. Zili ngati thumba la nyemba 100, imodzi yokha yofiira: chaka chilichonse mtsinje umapisamo dzanja n'kutulutsa imodzi, kenako nyembayo imabwezedwa m'thumba. Yofiira ikatuluka chaka chino, chaka chamawa ili momwemo, ndipo mwayi wake sunachepe. Mtsinje sukumbukira za chaka chatha.

Masamu ake ndi awa. Nyumba yomangidwa pamalo amene madzi a zaka 100 amafika ili ndi mwayi 26 pa 100 womizidwa m'zaka 30, mwayi 40 pa 100 m'zaka 50, ndi 63 pa 100 m'zaka 100. Kalavati wopangidwira madzi a zaka 25 ali ndi mwayi 64 pa 100 woti madzi amupose asanakwanitse zaka 25. Dera litakhala ndi makalavati otere 200, pafupifupi 8 akhoza kumaposedwa ndi madzi pa chaka, ena chaka chino, ena chaka china, popanda wina kuba thumba la simenti ngakhale limodzi. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje m'Malawi anaona okha kuti zigumula sizidikirana: madzi aakulu a mu 2015, namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022 amene anaononga damu la Kapichira, ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023.

Nanga manambalawa amachokera kuti? Pa mtsinje waukulu ngati Luangwa, pafupi ndi ulalo wa msewu wa Great East umene unatsegulidwa mu 1968, pali poyezera madzi. Ntchito yosunga miyezo yotere ili m'manja mwa bungwe la WARMA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2011. Katswiri amatenga madzi ochuluka kwambiri a chaka chilichonse, chaka cha madzi chikuyambira mu Okutobala, n'kuwandandalika kuyambira aakulu. Ngati miyezo ndi ya zaka 40, chigumula chachikulu pa zonse chimawerengedwa kuti n'cha zaka pafupifupi 41. Kuti apeze cha zaka 100, chimene palibe anachiyezapo, amatalikitsa mzere wa miyezoyo ndi masamu, kawirikawiri njira ya Emil Gumbel, amene buku lake la nkhaniyi linatuluka mu 1958. Apa m'pofunika kunena mosabisa kuti kumeneku n'kuyerekeza. Ngakhale miyezo yeniyeniyo ili ndi vuto: choyezera chimaonetsa kuya kwa madzi, osati kuchuluka kwake, ndipo tsiku la chigumula chachikulu ndi lomwe munthu sangalowe mumtsinje kukayeza liwiro. Lipoti lonena kuti madzi adzakhala makyubiki mita 312.47 pa sekondi likungodzionetsera. Manambala a kuseri kwa kadonthowo alibe ntchito.

Makhwawa ndi timifuleni tothira mu Nyimba, Mvuvye ndi Msanzala, tomwe timadula misewu yambiri ya kumidzi, tilibe poyezera. Pamenepo injiniya amayambira pa mvula. Njira yakale ya Rational, ya Thomas Mulvaney wa ku Ireland mu 1851, imachulukitsa zinthu zitatu: kukula kwa dera lothira madzi m'khwawalo, mphamvu ya mvula, ndi gawo la mvulayo limene limathamanga pamtunda osalowa pansi. Imagwira pa madera aang'ono okha. Mvula ya chaka chonse siithandiza kwenikweni. Chofunika ndi mvula yamkuntho ya mphindi 30 kapena ola limodzi, ndipo miyezo yotere ndi yosowa.

Chinthu chachitatu chija, gawo la mvula lothamanga pamtunda, ndicho chikusintha kwambiri m'mapiri a ku Kacholola ndi kwina kumene mitengo yathera ku makala. Phiri la nkhalango limamwa mvula yambiri, pamene phiri lometedwa limangoitaya, pamodzi ndi mchenga. Kalavati amene anawerengedwa bwino zaka 20 zapitazo akhoza kuchepa lero ngakhale mvula ili yomweyo. Akadzaza mchenga ndi mapesi kufika pakati, madzi a zaka 5 okha akhoza kumugonjetsa. Makalavati ambiri amafa ndi kusafukulidwa, osati ndi masamu.

Wina angafunse chifukwa chake zonse sizimangidwa kuti zipirire madzi a zaka 1,000. Yankho ndi ndalama. Kalavati wa msewu wa kumudzi nthawi zambiri amapangidwira zaka 10 mpaka 25, ulalo waukulu zaka 50 kapena 100, ndipo potayira madzi pa damu lokhala ndi midzi kunsi kwake amapatsidwa nambala yokwera koposa, chifukwa likaphulika pamafa anthu.

Kwa makhansala ndi makomiti a chitukuko, malangizo ndi ochepa, ndipo sangalowe m'malo mwa katswiri woona malowo. Afunse kuti chomangidwacho chapangidwira zaka zingati, ndipo ziwerengero zachokera pa miyezo iti. Makalavati afukulidwe mu Okutobala mvula isanagwe. Madzi akasefukira, pomwe afika palembedwe chizindikiro ndi deti pamtengo kapena pakhoma, ndipo injiniya akabwera aperekezedwe kwa akuluakulu a m'mudzi amene akukumbukira pamene zinyalala zinakolekera chaka chakutichakuti. Pa khwawa lopanda choyezera, umboni umenewo ndiwo wokha woyesera ngati masamu alondola.