Mawu Ofotokozera Ntchito Yoyeza Magazi Munthu Asanapatsidwe Chiŵalo

Pamene wophunzira sayansi ayamba ntchito m'labotale yofufuza za chitetezo cha m'thupi ndi kuika ziŵalo, amapatsidwa ntchito zooneka zazing'ono: kulemba zizindikiro pa timabotolo, kulekanitsa maselo oyera a m'magazi pogwiritsa ntchito makina ozungulitsa, ndi kuŵerenga maselo pa maikulosikopu. Komabe moyo wa wodwala amene akudikira impso umadalira ntchito zimenezi. Motero alembi, akonzi ndi aphunzitsi ayenera kusamala posankha mawu ozifotokozera. Pali mawu atatu amene amasokoneza kaŵirikaŵiri.

1. Transplant

Pa ulimi mawu ameneŵa amatanthauza kuwokera mbande. Koma mbande imachoka pa nazale kupita m'munda, ndipo dothi sililimbana nayo. Chiŵalo chimaloŵa m'thupi la munthu wina, ndipo thupilo limachiona ngati chachilendo. Choncho ndi bwino kulemba kuti kuika chiŵalo cha munthu wina. Pofotokozera ana a sukulu, fanizo loyenera ndi la kumezanitsa mitengo, popeza kanthambi komezanitsa kamatha kugwira kapena kukanika.

2. Tissue type

Alembi ena amamasulira mawu ameneŵa kuti gulu la magazi, koma zinthuzi n'zosiyana. Magulu a A, B, AB ndi O amadziŵika ndi zimene zili pa maselo ofiira. Tissue type imanena za zizindikiro zotchedwa HLA, zimene zili pa maselo ambiri a m'thupi ndipo munthu amazitenga kwa makolo ake. Jean Dausset wa ku France ndiye anafotokoza chizindikiro choyamba cha mtunduwu mu 1958. Mwa ana a bambo ndi mayi mmodzi, mwayi woti aŵiri afanane HLA yense ndi umodzi mwa inayi. Impso yoyamba imene inagwira bwino ntchito, imene Joseph Murray anaika ku Boston mu 1954, inachokera kwa mapasa ofanana, ndipo n'chifukwa chake thupi silinaikane. Mawu oyenera ndi akuti mtundu wa zizindikiro za maselo, ndipo zilembo za HLA zisasinthidwe.

3. Positive crossmatch

Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu. Poyeza, wogwira ntchito amasakaniza madzi a m'magazi a wodwala ndi maselo oyera a wopereka chiŵalo, kenako n'kuthiramo zina zothandiza kuswa maselo pamodzi ndi utoto. Maselo akufa amaloŵedwa utoto, amoyo saloŵedwa. Ngati maselo ambiri afa, zotsatira zimatchedwa positive, kutanthauza kuti chitetezo cha wodwalayo chikulimbana kale ndi maselo a woperekayo. Mu 1969 Ramon Patel ndi Paul Terasaki a ku Los Angeles anasonyeza kuti mwa impso 30 zimene zinaikidwa zotsatira zili positive, 24 zinalephera nthaŵi yomweyo. Masiku ano malabotale ambiri amayezanso ndi makina oŵerenga maselo komanso pofufuza DNA, koma tanthauzo la mawuwo silinasinthe.

Mlembi amene angamasulire positive kuti zabwino kapena zagwirizana ndiye kuti watembenuza uthenga. Banja loŵerenga likhoza kukondwera pamene dokotala wanena kuti opaleshoni isachitike, ndipo mwina lingayambe kukayikira achipatala. Taonani ziganizo izi:

(a) Cholakwika: Zotsatira zatuluka zabwino.
(b) Cholondola: Magazi a wodwala akukana maselo a wopereka impso.
(c) Ngati zili negative: Magazi a wodwala sakukana maselo a wopereka impso.

Mfundo yofunika kukumbukira ndi yakuti mawu a sayansi azimasuliridwa motsata chimene chikuchitika, osati motsata tanthauzo lake la tsiku ndi tsiku. Mkonzi asanavomereze chiganizo chotere, adzifunse ngati mbale wa wodwala angamve zimene wa m'labotale anaona pa maikulosikopu.