Mamotoka a m'thengo akuti sakufa: manambala akamba zoona?

M'mawa mamotoka akaima ndii pa Great East Road, kucokela pa Arcades mpaka pa Manda Hill, nkhani imene siisowa mu basi ni ya mamotoka a anzathu. Pambali paima Land Cruiser, kutsogolo Hilux. Wina kumpando wa kumbuyo amayamba kuti mamotoka amenewa sakufa. Mnzake amatsutsa kuti yosafa yeniyeni ni Land Rover, cifukwa ambili amene anapangidwa akali kuyenda mpaka lelo. Ba kondakita nawo amaponyapo mawu uku awelenga cenji.

Nkhani iyi siinayambile mu basi. Mu 1992, kampani ya Land Rover inakamba kuti pa mamotoka 100 alionse amene inapanga, 70 anali akali kusewenza. Kampaniyi inayamba kupanga mamotoka mu 1948, conco nambala iyi imamveka yoopsa. Ku America nako, kampani ya iSeeCars inali kuwelenga mamotoka akale amene agulitsidwa, n'kuona kuti ni angati anapitilila mamailosi 200,000, kutanthauza makilomita oposa 320,000. Mu 2021 Land Cruiser ndiyo inali pamwamba: pafupifupi 16 pa 100 alionse, pamene mamotoka onse pamodzi anali cabe 1 pa 100.

Manambala aya si abodza. Vuto ni lakuti amayankha funso lina, osati limene lili mu mtima mwa munthu amene afuna kuponya ndalama za penshoni, za cilimba kapena nkhongole ya ku banki pa motoka ya second hand.

Tiyambe na masamu a ku pulaimale. Tiyelekeze kuti kampani inapanga mamotoka 100 m'zaka za kale, ndiye malonda atakula inapanga 900 m'zaka khumi zapitazi. Olo akale aja onse atafa, osatsala na imodzi yomwe, kampani ingaimilile n'kunena kuti 90 pa 100 akali pa msewu. Siinaname. Koma imene yawelenga ni ana, osati nkhalamba. Nambala ya "akali kuyenda" ikabwela popanda kutiuza zaka za mamotokawo, yakamba zocepa maningi.

Caciwili, kodi "ikali kuyenda" n'kutanthauza ciani? Yang'anani Hiace imene mwakwela. Nambala puleti ni imodzimodzi, white book ni imodzimodzi, koma funsani ba dalaiva kuti injini ni yacingati. Giyabokosi inacoka mu ina imene inacita ngozi, citseko ni ca mtundu wina, mipando inasokedwa ku Soweto. Mu mabuku ni motoka imodzi yolimba. Mu thumba la mwini wake ni mamotoka atatu.

Mamotoka a m'thengo ndiye akatswili pa nkhani iyi. Land Rover yakale na Land Cruiser amamangidwa pa chassis yapayokha, bodi n'kuikidwa pamwamba na mabauti. Makanika angamasule ciliconse n'kuikapo cina. Bodi ya Land Rover yakale ni ya aluminiyamu, cifukwa nkhondo yaciwili ya dziko lonse itatha, citsulo cinali cosowa ku Britain. Aluminiyamu siicita dzimbili monga citsulo, conco kunja motoka imaoneka ya moyo. Koma chassis ni ya citsulo, ndipo imadyeka pansi kumene maso safika.

Cacitatu ni mtengo. Ka Corolla kakale injini ikagogoda, mwini amawelenga n'kupeza kuti kukonza kudula kuposa motoka yonse. Amakagulitsa kwa ophwasula maspeya, ndipo kacoka mu manambala. Land Cruiser ya zaka zofanana ikacita vuto lomwelo, mwini amakonza, cifukwa adziwa kuti olo yakalamba idzagulidwa ndalama zabwino. Zikatelo nambala ija yapima zinthu ziwili pamodzi: kulimba kwa citsulo na kuzama kwa thumba la eni ake. Motoka imene anthu salola kuti ife ni yosiyana na motoka imene siiwonongeka.

Maso athu nawo amatinamiza. Land Rover ya makedzana ikadutsa mu Lumumba Road yasenza makala, tonse timaceuka n'kuiyamikila. Zinzake zimene zili pa miyala kuseli kwa manyumba ku Kanyama kapena ku Matero, nkhuku ziikilamo mazila, palibe amaziwelenga. Timaona opulumuka okha, ndiye timaganiza kuti banja lonse linali conco.

Manje nanga makilomita? Apa napo pafunika kusamala. Land Cruiser ya ku America ni motoka yodula ya anthu a ndalama, ndipo nthawi zambili imayenda pa tala wosalala, maulendo atali-atali, sevisi pa nthawi yake. Makilomita otelo injini imawadya monga nsima. Yelekezani na ija imene imanyamula alendo oona nyama ku Mfuwe, kapena imene imalimbana na mcenga wa ku Mongu. Ingayende tsiku lonse mu magiya aang'ono, makilomita n'kukhala ocepa, koma mashoko, mabushi na kilachi vadya moto. Kilomita ya mu matope a mvula ku Kanyama siilingana na kilomita ya pa msewu waukulu wa ku Texas.

Ndiye pali mamotoka amene amaticokela ku Japan, kupitila ku Dar es Salaam na pa Nakonde, kapena ku Durban na pa Chirundu. Ku Japan motoka yatsopano imapimidwa ikakwanitsa zaka zitatu, pambuyo pake zaka ziwili zilizonse, ndipo kupimitsako kumadula. Ndiye cifukwa cake ambili amagulitsa motoka ikali bwino. Koma ikafika kuno n'kupita m'manja awili atatu, nambala ya mileage imene muona pa dashibodi ingakhale kuti inabwezedwa kumbuyo. Siteling'i yosalala, mapedo odyeka na mpando wa dalaiva wophwa vimakamba zoona kuposa nambala ija.

Sitikamba kuti mamotoka amenewa ni ofooka, iyayi. Pali cifukwa cake mabungwe a zaumoyo, a migodi na alimi amathamangila Land Cruiser. Mtundu wa 70 Series unayamba mu 1984 ndipo ukali kupangidwa, injini yake ni yosavuta kumvetsa, maspeya apezeka, ndipo makanika wa ku Lundazi angaikonze pansi pa mtengo wa mango. Kulimba kulipo zoona. Cimene manambala sakamba ni ndalama zimene zinapita kuti motoka ifike pa ukalamba umenewo: dizilo, matayala akulu-akulu, mainjekita, na masiku amene inagona ku galaji.

Conco wina akakuuzani kuti 70 pa 100 akali kuyenda, mufunseni kuti ni a zaka zingati, anayenda mu misewu yabwanji, ndipo ni vingati vinasinthidwa. Ngati mufuna kugula, musagule mbili ya mtundu wonse. Tengani makanika wanu, osati wa wogulitsa. Alowe pansi agogode chassis, aone utsi injini ikalizidwa m'mawa ikali yozizila, ayese four wheel ngati ilowa na kucoka bwino, ndipo muyelekeze nambala ya injini na imene ili mu white book. Pambuyo pake zungulukani mashopu a maspeya mu tauni mufunse mtengo wa tayala limodzi na seti ya mainjekita. Mukamva mitengoyo mtima n'kukhalabe m'malo, gulani. Ngati mwayamba thukuta, mpando wanu wa pa windo mu basi ukali kukuyembekezani.